Kadzidzi wa pachikuto: mkangano wakale wa nthano ndi mpingo

Buku loyamba lomwe ndinagula ndi ndalama yangayanga silinagone m'nyumba mwathu masiku opitirira anayi. Munali m'chaka cha 2002, ine ndili mu sitandade 8, ndipo ndinalipeza pa mulu wa mabuku akale omwe bambo wina ankayala pansi pafupi ndi depoti ya basi. Pachikuto panali galimoto ikuuluka m'mwamba, m'katimo muli anyamata awiri ndi kadzidzi woyera. Linali Harry Potter and the Chamber of Secrets, lomwe linatuluka ku Britain m'chaka cha 1998. Ndinali ndisanamvepo dzina la mlembi wake. Chinandikoka ndi galimoto youlukayo basi.

Lachinayi la sabata imeneyo mapemphero ozungulira m'makomo anali kwathu. Mwa kupusa kwanga bukulo ndinalisiya pa tebulo. Mkulu wina wa mpingo analinyamula, kuliyang'ana kutsogolo, kuliyang'ana kumbuyo, n'kulibwezera osanena kanthu. Anthu atabalalika anaitanira amayi pambali nati, "Mayi, kodi mwaona zimene akuwerenga mwanayu?" Amayi Chingerezi sankachidziwa, koma kadzidzi ankamudziwa, ndipo za anthu ouluka usiku ankazimva tsiku ndi tsiku. Madzulo omwewo pamoto panali nyemba. Anang'amba tsamba limodzilimodzi n'kumasonkhezera. Nditayamba kulira anandiyang'ana nati, "Iwe, ukufuna anthu azitiloza zala? Ukufuna andidule?"

Kwa zaka zambiri ndinkaifotokoza nkhaniyi kwa anzanga olemba ndakatulo ngati nthabwala ya umbuli. Lero ndikuchita nayo manyazi nthabwala imeneyo. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho. Omwe anagula bokosi, kuphika pa maliro ndi kuchezera usiku wonse akuimba anali a mpingo omwewo. Amayi anali msungichuma wa gulu la amayi, ndipo fizi ya mlongo wanga ya teremu ina inachokera m'thumba la anthu amenewo. Mayi wamasiye kumuyika pa sikelo, uku buku la mwana, uku mpingo, mukuganiza kuti angasankhe chiyani? Chomwe sindinkadziwa n'choti mkangano womwe unapsereza buku langawo unayamba kale zedi, ndipo mabanja ambiri omwe anavutika nawo anali a anthu opemphera kuposa ife.

Tiyambe ndi John Bunyan, mmisiri wokhoma mapoto wa ku Bedford, ku England. Anamutsekera m'ndende kuyambira 1660 mpaka 1672 kaamba kolalikira popanda chilolezo cha boma, kusiya mkazi ndi ana, mmodzi mwa anawo wosaona. M'chaka cha 1678 anatulutsa The Pilgrim's Progress, ulendo wa munthu wosenza katundu wolemera yemwe akumana ndi chimphona, chilombo chamapiko ndi msika wa zachabechabe. Lero palibe mbusa angaliletse bukuli. Linamasuliridwa m'zinenero pafupifupi 200, mwa izo 80 za muno mu Africa, ndipo amishoni ankayenda nalo pambali pa Baibulo. Koma mukatsegula kumayambiriro kwake mupeza kuti Bunyan anayamba ndi kudziteteza. Akufotokoza kuti ataonetsa anzake zolembazo, ena anamulimbikitsa kusindikiza, ena anamuletsa, poti nkhaniyo inali yopeka. Iye anawakumbutsa kuti aneneri ankayankhula m'mafanizo, ndi Yesu yemwe. Ndiye kuti buku lomwe Akhristu ankalikonda kwambiri pambuyo pa Baibulo linabadwa likupepesa.

Oletsawo sanali opanda mavesi. Deuteronomo 18 imaletsa maula ndi nyanga. Paulo akuchenjeza Timoteo za nthano zachabe. Pa Machitidwe 19 anthu a ku Efeso akuotcha mabuku awo amatsenga pamaso pa onse, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Olola nawonso ali ndi awo: bulu wa Balamu akuyankhula pa Numeri 22, ndipo pa Oweruza 9 mitengo ikuchita msonkhano wosankha mfumu, nthano yeniyeni ngati ya agogo. Mavesi amenewa akhala akuponyeranidwa kwa zaka zoposa 300 ndipo palibe mbali yomwe yagonja.

Koma banja lomwe nkhani yake imandikhudza kwambiri ndi la George MacDonald. Uyu anabadwa m'chaka cha 1824 ku Huntly, kumpoto kwa Scotland, dziko lomwelo lomwe linatitumizira amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Anakulira m'chiphunzitso chokhwima, choti Mulungu anasankhiratu ochepa oti adzapulumuke, ndipo chiphunzitsochi chinamuvuta kuyambira ali mwana. Mu 1850 anakhala mbusa wa kampingo kakang'ono ku Arundel, kumwera kwa England. Sipanatenge nthawi, atumiki a mpingowo anayamba kung'ung'udza. Ati mbusayu akunena kuti mwina anthu omwe anafa asanamve Uthenga akhoza kupezabe chifundo. Sanamuchotse ntchito poyera, iyayi. Anangomudulira malipiro, poganiza kuti njala imuthamangitsa. Iye anapirira kwa kanthawi, koma mu 1853 anatula pansi udindo, ali ndi mkazi ndi ana aang'ono komanso chifuwa chomwe chinamuvutitsa moyo wake wonse.

Munthu uyu, atasowa guwa lolalikirapo, anayamba kulemba nthano. Phantastes inatuluka mu 1858, At the Back of the North Wind mu 1871, The Princess and the Goblin mu 1872. Iye ndi mkazi wake Louisa anabereka ana 11, ndipo nyumba yawo inali ya nthano zokhazokha. Mnzawo wina, mphunzitsi wa masamu ku Oxford yemwe timamudziwa ndi dzina loti Lewis Carroll, anawapatsa zolemba zake za kamtsikana kotchedwa Alice kuti awerengere anawo, ndipo chimwemwe cha ana a MacDonald n'chimodzi mwa zomwe zinamulimbitsa mtima kuti asindikize. Ndalama zikavuta, banja lonse linkayenda m'matauni kuchita sewero, makolo ndi ana omwe, pa nthawi yomwe Akhristu ambiri okhwima ankaona zisudzo ngati khomo la kugehena. Sewero lake lotani? Gawo lachiwiri la buku la Bunyan lija. Ndimaseka ndikaganiza za atumiki a ku Arundel: anathamangitsa mbusa wa anthu ochepa, n'kupanga mlaliki wa mamiliyoni. Ndipo chonde onani ichi, MacDonald sanatuluke m'chipembedzo mokwiya. Patapita zaka analowa Church of England, koma ankalalikirabe paliponse pomwe amuitana.

Mu 1916 mnyamata wina wa zaka 17, wosakhulupirira Mulungu ngakhale pang'ono, anagula Phantastes pa siteshoni ya sitima. Dzina lake C.S. Lewis, wobadwira ku Belfast mu 1898. Atakula analemba kuti bukulo linabatiza maganizo ake zaka zambiri mutu wake usanavomere. Yemwe anathandiza kumaliza ntchitoyo anali mphunzitsi mnzake wa ku Oxford, J.R.R. Tolkien.

Tolkien anabadwira konkuno kumwera kwa Africa, ku Bloemfontein, pa 3 Januwale 1892. Bambo ake atamwalira mu 1896, mayi ake Mabel anatsala ndi ana awiri ku England, akudalira thandizo la achibale. Mu 1900 Mabel analowa Katolika. Achibalewo, omwe anali a mipingo ina, anakwiya ndipo ena anasiya kumuthandiza. Anamwalira ndi matenda a shuga mu 1904 ali ndi zaka 34, mankhwala a insulin asanatulukiridwe, ndipo anawo analeredwa ndi wansembe, Bambo Francis Morgan. Tolkien mpaka imfa yake ankakhulupirira kuti umphawi ndi nkhanza za achibalezo ndizo zinafulumizitsa imfa ya mayi ake. Ndiye pamene munthu ameneyu ankalemba za afiti abwino ndi zinjoka, sanali munthu wotenga mpingo mwamasewera. Ankadziwa mtengo wake. Mwana wake woyamba, John, anadzakhala wansembe, ndipo iye mwini anathandiza kumasulira buku la Yona mu Jerusalem Bible ya 1966.

Usiku wa pa 19 Sepitembala 1931, Tolkien, Lewis ndi mnzawo Hugo Dyson anayenda m'kanjira ka m'munda wa koleji ya Magdalen akukambirana mpaka usiku kwambiri. Vuto la Lewis linali loti nthano za mulungu wofa ndi kuukanso zimamukoma akazipeza m'zikhulupiriro za anthu akale, koma akazipeza m'Uthenga Wabwino amazikana. Tolkien anamuuza kuti nkhani ya Khristu ndi nthano ngati zinazo, kusiyana kwake n'koti iyi inachitikadi. Pasanathe masabata awiri Lewis analembera mnzake kuti tsopano akukhulupirira Khristu. Kuchokera mu ubwenzi umenewu munatuluka The Hobbit mu 1937, yomwe inayamba ngati nkhani ya ana ake a Tolkien, mabuku 7 a Narnia pakati pa 1950 ndi 1956, ndi The Lord of the Rings mu 1954 ndi 1955. Musaganize kuti ankagwirizana pa zonse. Tolkien Narnia sankaikonda, ankaona kuti mnzake wasakaniza zinthu ngati ndiwo za pa ukwati.

Pali kalata imodzi ya Lewis yomwe ndikanakonda wina akanawawerengera amayi anga tsiku lija. Mu 1955 mayi wina wa ku America anamulembera kuti mwana wake wa zaka 9 ali ndi mantha, poti akuona kuti akukonda Aslan, mkango wa m'nthano za Narnia, kuposa Yesu. Lewis sanamuseke mayiyo. Anayankha kuti zomwe mwanayo akuzikonda mwa mkangowo ndi zomwe Yesu ananena ndi kuchita, choncho asadere nkhawa, ndipo za thupi la mkangolo Mulungu amadziwa m'mene maganizo a mwana amayendera poti anawalenga ndi iye. Lewis yemweyo poyamba sankafuna kupita ku tchalitchi. Nyimbo zake ankaziona ngati ndakatulo zosapsa zoimbidwa moipa. Anasintha ataona nkhalamba yovala nsapato zotsika mtengo ikuimba nyimbo zomwezo ndi mtima wonse, nazindikira kuti iye ndi maphunziro ake onse sakuyenera ngakhale kuipukuta nsapatozo. Anapemphera pa tchalitchi cha Holy Trinity ku Headington Quarry mpaka imfa yake mu 1963. Mu 1991 pa tchalitchipo anaikapo zenera lojambulidwa mkango uja.

Zitatero munthu ungaganize kuti mlandu unatha. Ayi ndithu. Madeleine L'Engle, mayi wopemphera yemwe kwa zaka zambiri ankagwira ntchito mu laibulale ya tchalitchi chachikulu cha St John the Divine ku New York, anatulutsa A Wrinkle in Time mu 1962 osindikiza ambiri atalikana. Linapata mphoto ya Newbery chaka chotsatira, komabe makolo ena achikhristu anakhala akulimbana kuti lichotsedwe m'masukulu. M'zaka za m'ma 1980 mantha anasamukira ku masewera a Dungeons & Dragons. Kenaka mu 1997 kunabwera Harry Potter, moto n'kubuka.

Bungwe la malaibulale ku America, American Library Association, limasunga kaundula wa mabuku omwe anthu akudandaula kuti achotsedwe, ndipo pa zaka za 2000 mpaka 2009 Harry Potter anali pamwamba penipeni. Pa 30 Disembala 2001, miyezi yochepa buku langa lisanapse, mbusa Jack Brock wa mpingo wa Christ Community ku Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico, anakoleza chimoto panja pa tchalitchi naponyamo mabukuwa, anthu mazanamazana akutsutsa tsidya lina la msewu. Mbusayo anavomera kuti sanawerengeko ngakhale limodzi. Apa amayi anga ndimawakhululukira kawiri, poti iwo Chingerezicho sankachidziwa, pomwe mbusayu chinali chinenero chake chobadwa nacho. Akatolika nawonso anagawikana. Mu 2003 Kadinala Joseph Ratzinger anayankha kalata ya mlembi wa ku Germany, Gabriele Kuby, mogwirizana ndi nkhawa zake pa mabukuwa, ndipo kalatayo inamveka ponseponse mu 2005 atakhala Papa. Koma mu 2009 nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inayamikira filimu yachisanu ndi chimodzi ya Harry Potter kuti ikusiyanitsa bwino chabwino ndi choipa. Mu 2019 sukulu ina ya Katolika ku Nashville inachotsabe mabukuwa mu laibulale yake, wansembe wake atafunsa kwa otulutsa ziwanda.

Pakati pa phokoso lonseli panali mabanja wamba, omwe madzulo ankawerengera ana awo mabukuwa, Lamulungu n'kukakhala pa benchi limodzi ndi anthu owaona ngati otayika. Ena ankabisa mabuku alendo akamabwera. Ena anasamuka mpingo. Mlembi wina, Connie Neal, anatulutsa buku mu 2001 lofunsa kuti Mkhristu atani naye Harry Potter, ndipo yankho lake analitenga kwa Paulo, pa Aroma 14 ndi 1 Akorinto 8, pa nkhani ya nyama yoperekedwa kwa mafano: wakudya asanyoze wosadya, wosadya asaweruze wakudya. Nzeru yabwino, koma yovuta kuitsata pa mpingo pomwe mmodzi mwa awiriwo ndi amene amasunga kaundula wa odya mgonero. Ndipo buku lomaliza litatuluka mu 2007, anthu anapezamo mavesi awiri olembedwa pa manda, Mateyu 6:21 ndi 1 Akorinto 15:26, komanso mnyamata wopita yekha kukafera anzake. J.K. Rowling, yemwe ankapemphera mu Church of Scotland, ananena chaka chomwecho kuti sankafuna kukamba za chikhulupiriro chake poopa kuti owerenga adziwiratu mathero a nkhani.

Tsono ndibwerere kwathu, poti pali chinthu chimodzi chomwe mbiri ya azunguyi siingatiuze. Kwa mwana wa ku London mfiti ndi munthu wa m'buku, wovala chipewa chosongoka. England inasiya kupha anthu pa mlandu wa ufiti kalekale, Bunyan atangomwalira kumene kapena cha m'menemo nkhaniyi inali ikuzilala. Kwa ife mawu amenewa akadali ndi mano. Lamulo la ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi pozinamizira kuti zinatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana. Nthawi yomwe ine ndinkagula buku langa, mphekesera zoti ana akuphunzitsidwa ufiti usiku zinali ponseponse, m'minibasi ndi pa zitsime. Ndiye mwana wa mayi wamasiye apezeke ndi buku la sukulu yophunzitsa ana ufiti! Mkulu wa mpingo uja mwina ankateteza mzimu wanga, koma amayi ndikuganiza ankateteza khosi lawo ndi langa.

Chinenero chathu chomwe chimatiikira msampha. Yesani kumasulira Gandalf wa Tolkien m'Chichewa. Mukati mfiti mwamunamizira, poti mfiti kwathu imadya anthu. Mukati sing'anga mwamuchepetsa. Tolkien mwini ankati nkhalamba imeneyi ndi ngati mngelo wovala thupi. Tilibe mawu a wamatsenga wabwino, choncho buku lililonse lotere likafika kuno limafika litagwa kale pa mlandu.

Komabe chinyengo chathu chisabisike. Anthu omwewo omwe ankaopa kadzidzi wa pachikuto ankadzaza m'nyumba zoonetsera mavidiyo kukaonera mafilimu a ku Nigeria odzaza ndi afiti, magazi ndi anthu osanduka nyama. Amenewo ankaloledwa poti kumapeto kumabwera m'busa ndi Baibulo. Koma taganizani bwino, ndi iti yoopsa pa ziwirizi? Buku la Rowling silinamuuzepo mwana aliyense kuti agogo ake ndi mfiti. Limachitikira m'dziko lomwe mwana aliyense akudziwa kuti kulibe. Mafilimu ena aja, monga End of the Wicked ya 1999, ankaonetsa ana ngati afiti enieni a m'nyumba mwanu momwemo, ndipo ankaonetsedwa ngati chiphunzitso. Nthano yovomera kuti ndi nthano sindinaione ikuphetsa munthu. Yomwe imandiopsa ine ndi yodzitcha umboni.

Ndipo ife a Malawi tisamachite ngati zopekazi zinabwera pa ndege. Agogo anga aakazi, omwe sankaphonya mgonero, ndi omwewo ankatikhazika pa moto n'kuyamba kuti padangokhala, ife n'kuvomera kuti tili tonse. M'nthano zawo munali akalulu oyankhula, mafupa oimba ndi atsikana okwatiwa ndi afisi ovala khungu la munthu. Ku sukulu tinkamva za Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, momwe mbalame ikuulula mlandu wa kupha mbale. Palibe anadulidwa chifukwa cha mbalame imeneyo. Mu 2015 Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom, nkhani yochitika mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo dziko silinagwe.

Ine mpingo uja sindinauchoke, ngakhale ndinajomba zaka zingapo ndili ku koleji. Anzanga ena olemba amandifunsa kuti ndimapezamo chiyani, ndipo ndimasowa yankho lomveka mwanzeru. Mkulu wa mpingo uja anamwalira mu 2014, ndipo ndinali m'gulu la onyamula bokosi lake. Ndi iye amene anandilembera kalata ya umboni pomwe ndinkafunsira malo a dipuloma yanga. Za buku lija sitinakambiranepo.

Chaka chatha ndinagulira mwana wa mlongo wanga The Lion, the Witch and the Wardrobe. Ndisanalipereke ndinayamba ndakhala pansi ndi amayi pakhonde n'kuwafotokozera nkhani yonse m'Chichewa, ngati m'mene agogo ankachitira: za mnyamata wogulitsa abale ake chifukwa cha maswiti, za mkango wodzipereka kuphedwa m'malo mwake pa gome la mwala, za mbewa zikudula zingwe m'bandakucha. Pa mfiti ya m'nkhaniyo ndinazengereza, kenaka ndinangoti mfumukazi yoipa. Amayi anamvetsera akusola nyemba, osadukiza. Nditamaliza anati, "Mkangowo ndawudziwa." Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Koma ulikute ndi pepala la khaki. Lachinayi mapemphero ali kuno."